Khukhi wa Mzungu ndi Kalongonda

A Danieli, khukhi wa mzungu wa munda wa tiyi ku Limbuli, atamva kuti mpingo ukudyetsa Alomwe othawa Apwitikizi, anavala epuloni yoyera mbee n'kukadzipereka kwaulere. Ankafuna dziko lidziwe kuti manja awo si amasewera.

Mai Estele, mkulu wa ophika, anayang'ana epuloni ija n'kumwetulira.

"Mwachita bwino, achimwene. Sonkhezerani moto. Kalongondayu aziwira mpaka dzuwa lipendeke, ife tizitaya madzi."

"Ine, wophika pudini ya Bwana, ndizipemerera moto?"

"Pudiniyo mukaphike kwanu."

Dzuwa lili paliwombo, a Danieli anati aonetse ukatswiri. Anatapa nyemba za kalongonda zija, natafuna, nalengeza kuti, "Zapsa! Amayi inu mumangowononga nkhuni." Anadyanso chipande chathunthu, osadziwa kuti kalongonda wosapsa amazunguza mutu.

Posakhalitsa phiri la Mulanje linayamba kuwazungulira. Amayi anawagoneka pamthunzi, epuloni ili bii.

Anthu onse atakhuta, mai Estele anadzawagwedeza. "Mawa mubwerenso, akhukhi. Pamoto mumathadi."

"Ndibwera," anabuula a Danieli, "koma phirilo muliuze liime kaye."