Kachilonda pa Mkono wa Mwaiwathu

Dzuwa la Okutobala limalowera pa kabowo ka lata, kamzere kamodzi kowala mbee, fumbi likusambira m'menemo. Kwina konse m'chipinda chathu cha ku Bangwe kuli bii. Kuseri kwa nsalu bambo a mwana akutsokomola. Chifuwa chachikulu chomwechi chinanditengera mwana woyamba, Ganizani, yemwe anabadwira panyumba ndipo sanabayidwe katemera.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimavula khanda langa Mwaiwathu kamalaya, n'kuyang'ana pamkono wamanja pamene jakisoni wa katemera analowa. Khungu lili see. Mawa lake see. Ndimaopa, ndisaname.

Ku sikelo ndinafunsa mokalipa ngati anamubaya madzi. A Nangondo, anamwino, sanakwiye.

"Mayi a Mwai, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwa mwanayu muli asilikali, ma T selo. Aliyense ali ndi timanja pakhungu lake, todziwa mdani mmodzi yekha. Mnzake akamubweretsera kanyenyeswa ka kachilombo, timanja tikakakhudza, uthenga umalowa m'kati. Chilonda chikatuluka, ndiye kuti katemera wagwira, musachifinye."

Kuyambira pamenepo ndimamvetsera thupi la mwana wanga. Penapake pansi pa khunguli, mumdima wofunda, kadzanja kakufufuza. Kakhudza ichi, ayi. Kakhudza icho, ayi. Kenaka kagwira, gwi! Uthenga sufuula, umanong'ona. Woima pakhomo agwedeza wapafupi, wapafupi adzutsa winanso, monga momwe uthenga wamaliro umayendera khomo ndi khomo, mpaka ufike pakati penipeni pa selo. Apo msilikali wogona adzambatuka, agawika pawiri, awiriwo agawikanso, onse atasunga nkhope ya mdani.

Mitambo inayamba kusonkhana kuphiri la Mpingwe, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Tsiku limene mvula yoyamba inagogoda lata, ndinapeza kachotupa kofiira psuu, kamutu kake kali ndi mafinya. Mwai analira nditakhudza pambali pake.

Aneba anathamangira ndi phulusa, akuti tithirepo chiume msanga. Ndinatchinga ndi dzanja.

"Chisiyeni, amayi. Thupi layankha."

Ndinakhala pakhonde, madontho akundigwera kumapazi, misozi mbwe mbwe mbwe, ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha chilonda pathupi pa mwana wanga. M'nyumba chifuwa chinkalirabe. Ndinamubereka Mwai kumbuyo, ndinamanga chitenje zolimba, ndipo ndinalowa kukapatsa bambo ake mankhwala.