Maxon Abweza za Eni

Ku Mchesi konse kunalibe munthu wodziwa kugwa ngati Maxon. Pa msonkhano uliwonse wa chitsitsimutso, mlaliki akangotukula dzanja, iye anali atafika kale pansi, benchi limodzi naye. Akadzuka ankasasa fumbi n'kupita kukabwereka wilibala.

Kubwereka ndiye inali ntchito yake yeniyeni. Mipando, wailesi, mbaula, ngakhale chitseko cha nyumba yake, zonse zinali za anthu amene anatopa kulonjerera.

Ndiye kunabwera mlaliki wina wa ku Biwi, wamfupi, wa mawu osasa, wosasangalatsa n'komwe. Maxon atagwa, mlalikiyo anangomulumpha.

"Dzukani, abambo, mudetsa malaya. Mzimu ukakugwirani zoona, amayamba kudziwa ndi aneba anu. Kabwezeni za eni."

Mawuwo anamulowa moopsa. M'mawa mwake anapakira katundu mu wilibala n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Mayi wina anakana mpando wake, ati sakuuzindikiranso. Pofika masana m'nyumba munali mbee, mkazi wake Sofiya atakhala pa njerwa.

Maxon anamuyang'ana nthawi yaitali, mtima ukumupweteka. Anakumbukira kuti Sofiyayu anangomutenga kwa amalume ake ku Area 23, ati akaonere mpira, abwera naye madzulo. Chinkhoswe sichinachitike. Mwana wawo Felix tsopano anali ndi ndevu.

"Amake Felix, valani nsapato tizipita."

"Nsapato mwabweza."

Anakwera minibasi, Sofiya ali chosavala kuphazi. Amalume aja anawapeza pakhonde, mutu uli mbuu.

"Ndadzabweza mwana wanu, amalume," anatero Maxon. "Ndachedwa naye pang'ono."

"Mpirawo unatha bwanji?" anafunsa amalumewo.

Sofiya sanaseke. "Ndine wilibala ine, abambo a Felix?"

"Ayi. Ndikufuna ndikutengeni bwinobwino, mwa chilolezo."

"Chilolezo cha ndani? Wokwatiwa ndi amalumewa kapena ine? Zaka zonsezi simunandifunsirepo ine. Funsirani."

Maxon anagwada pafumbi n'kufunsira mkazi wake. Ankamukonda kwambiri, ndipo apa m'pamene anadziwa kuti atha kukanidwa.

Sofiya anati aganiza kaye, n'kulowa m'nyumba mwa amalume ake. Mpaka lero akuganizabe. Maxon amapitako Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, atavala jekete logula yekha.