Zilembo Zomwe Zinasunga Mawu a Estere

A Maxwell ankasamalira maluwa panyumba ina ku Camps Bay, m'dziko lakunja. Akazi awo, Estere, anamwalira kumudzi ku Balaka mu 2016, iwo asanapeze mpata wokawaona. Chimene chinawatsalira ndi mauthenga a mawu omwe mayiwo ankawatumizira pafoni. Foniyo itayamba kuzimazima, mnzawo Sosten anawathandiza kusunga mauthengawo pa imelo. Posakhalitsa foni inaferatu.

Atatsegula imelo pafoni yatsopano, mtima unawasweka. Munangodzaza zilembo ndi manambala osakanikirana, opanda mutu.

Loweruka anakwera minibasi kupita ku Bellville, kushopu yokonza mafoni. Anawalandira ndi Winnet, mayi wobadwira ku Harare koma makolo ake ochokera ku Dedza, yemwe ankaphunziranso kulemba mapulogalamu a kompyuta.

"Zawonongeka, eti mwananga?" anafunsa a Maxwell. "Ndiuze zoona, ndingofufuta."

Winnet anayendetsa chala mpaka kumapeto kwa zilembozo, pomwe panali chizindikiro cha ==.

"Musafufute, baba. Pulogalamu imene munasungira mauthengawa inawakhoma ndi mawu achinsinsi. Zokhomazo imelo siinyamula bwino, ndiye inazisandutsa zilembo wamba kuti ziyende. Timati Base64. Tizibweza mmene zinalili."

Analemba timizere tochepa pa laputopu yake, n'kudina. Kompyuta inakana. Anayesanso, inakananso. A Maxwell anayamba kupinda chipewa chawo m'manja.

"Ndakutayitsa nthawi," anatero.

"Ayi, khalani kaye pansi."

Winnet anayang'anitsitsa n'kuona kuti m'zilembo muja munali mipata yosayenera kukhalamo. Pokopera, chizindikiro chilichonse cha + chinali chitasanduka mpata. Anawonjezera mzere wochibwezeretsa, ndipo ulendo uno fayilo inatuluka yathunthu, koma idakali yokhoma.

"Tsopano mawu achinsinsi aja, baba."

A Maxwell anagwira pakamwa. Sankawakumbukira. Anaimbira Sosten, amene anali pamalonda ake ku Gugulethu.

"Achimwene, mwaiwala?" anakuwa Sosten pakati pa phokoso la magalimoto. "Munanena nokha kuti tiike dzina la mwana wanu, Triza, ndi chaka chomwe anabadwa!"

Winnet analemba momwemo. Mauthenga anandandalikana pasikirini, iye n'kudina woyamba.

"Abambo a Triza, mwadzuka bwanji? Mbuzi yanu ija yalowanso m'dimba la eni ake, ine ndatopa nayo. Ndamvanso kuti kumeneko kwazizira. Muzivala juzi, musamadzione ngati mnyamata."

A Maxwell anaseka mpaka mapewa kugwedezeka, kenako misozi inayamba kutsikira m'masaya. Nayenso Winnet anakumbukira amayi ake ku Mbare, ku Harare, omwe anali asanawaimbire mwezi wonse. Anatenga mahedifoni ake n'kuwaveka bambowo, nawakokera mpando pakona.

"Mverani onse, baba. Palibe akuthamangitseni pano."

Anabwerera kukauntala kukathandiza mayi wina yemwe foni yake inagwera m'madzi.