Khadi la Mabowo M'buku la Chinjoka

Boma litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ifenso tinakweza katundu pa lole, amayi akudandaula njira yonse kuti Lilongwe ndi fumbi lokhalokha. Sananame. Ku Area 14 mitengo inali isanakule, ndipo maofesi a ku City Centre ankaoneka ngati angotayidwa m'tchire.

Abambo anga, a Mackford, ankalembera malangizo kompyuta ya boma. Masiku amenewo malangizo ankawaboola pa makhadi, makina n'kumawerenga mabowowo. Ankati ntchito yawo ndi ufiti wa masana: ukaphonya bowo limodzi, chitseko sichitseguka. Amayi, munthu wa pemphero, nthabwala imeneyi sinkawaseketsa.

Loweruka lina ku Old Town anandigulira buku lakutha, la chinjoka chouluka cholondera phiri. Tinkawerenga limodzi, koma aliyense zake. Ine ndinkangofuna moto ndi nkhondo. Iwo ankaima pakati pa tsamba n'kumafufuza malamulo a matsenga a m'dzikolo, ati wolemba wanzeru saphwanya lamulo loika yekha. Ankanditopetsa zedi.

Tsiku lina ananditengera ku ofesi n'kundilola kuboola khadi langa loyamba, louza makina kuti asindikize dzina langa, Ada. Dzinalo litatuluka papepala ndinavina pamaso pa mabwana onse. Khadilo ndinkaliika m'buku muja, pomwe talekezera.

Lero wolemba mapulogalamu a kompyuta ndine, ndipo abambo, chifukwa cha matenda oiwalaiwala a ukalamba, anandiiwala. Amandilonjera ngati mlendo, m'Chitumbuka cha kwawo. Zimandiwawa, ndisaname. Mwezi watha ndinapita kukawaona ndi buku lija, mumtima ndikuti mwina andikumbukira. Ndikuwawerengera, ndinangozindikira kuti woima pa malamulo aja tsopano ndine. Iwo ankandifulumizitsa kuti tifike pa chinjoka, akuseka ngati nkhaniyo akuimva koyamba.

Potembenuza tsamba, khadi lija linagwa. Analitola n'kulilozetsa kuzenera, chala chikuyenda pa mabowo pang'onopang'ono.

"Ili ndi la Ada," anatero. "Anali wongoyamba kumene, koma sanaphonye bowo ndi limodzi lomwe."

Kenaka ananditembenukira mwaulemu.

"Mama, mukamuona mumuuze abwere. Buku lathu sitinamalize."

Ndinawayankha kuti ndimuuza, n'kupitiriza kuwerenga pomwe tinalekezera.