Milomo ya Kamtambo

Kunyumba ankamutchula Kamtambo, chifukwa maso ake sankakhazikika pansi. M'kalasi mwawo ana anali ochuluka moti ukatembenuka umagunda mnzako, ndipo ikakwana nthawi yowerenga onse pamodzi, iye ankangoyendetsa milomo, mtima uli kunja kwa windo. Nanga m'chiphokoso chotero ungadziwe bwanji amene wakhala chete?

Koma mayeso alibe chibale. Atalephera kachiwiri, ahedi anauza amayi ake kuti akalepheranso, malo ake apatsidwa wina. Amayiwo, omwe ankasoka zovala pakhonde la sitolo, anamugwira dzanja n'kupita naye kwa mphunzitsi wina wopuma pantchito, amene ankakhala kuseri kwa malo okonzera njinga.

M'chipindamo munali tebulo, kabolodi pakhoma, ndi katani yachikasu imene inkasandutsa dzuwa la masana kukhala ngati uchi. Mphunzitsiyo anatsegula buku.

"Tawerenga apa, mwanawe."

Kamtambo anayendetsa milomo, kudikira kuti gulu limunyamule. Koma kunali zii. Manyazi anamugwira, misozi n'kulengeza m'maso.

"Ohoo, kani uli m'kwaya ya osatulutsa mawu!" anatero mphunzitsiyo akumwetulira. "Pukuta misozi. Kuno kulibe wotithamangitsa."

Anali ndi kaphunzitsidwe kakekake munthuyu. Mwana akasochera, maso n'kupita pakatani, sankamukalipira. Ankangofunsa kuti, "Waona chiyani kumeneko?" Kamtambo ankayankha monong'ona: ng'ombe youluka, nyumba yoyenda pamadzi, njinga yomera mapiko. Zonsezo mphunzitsiyo ankazilemba pabolodi, n'kumuuza kuti awerenge yekha maloto akewo. Ng'ombe yako yomwe sungalephere kuizindikira, ngakhale itavala zilembo.

Masana ankapita choncho. Fumbi la choko linkayandama m'kuwala, panja belu la njinga likulira mwa apo ndi apo, amayi ake atakhala pakhomo akusokerera mabatani podikira. Zilembo zimene kale zinkabalalika ngati nyerere zinayamba kuima pamzere.

Mayeso atayandikira, mphunzitsiyo anadzaza bolodi lonse ndi nkhani ya ng'ombe ija. Kamtambo anayamba mokayikira, koma mawu ankabwera okha, lina kuitana linzake. Anamva liwu lake likudzaza chipinda, ndipo anasangalala kwambiri moti anayamba kuthamanga nawo.

"Iwe, tachepetsa liwiro!"

Mawuwo anachokera pakhomo. Atacheuka anaona amayi ake atasiya singano, khosi litasololoka, maso ali pabolodi, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Apo m'pamene anazindikira chifukwa chake amayiwo sanamufunsepo ngakhale kamodzi kuti aone zimene walemba kusukulu.

"Ndimayenda nawe bwinobwino, mwanangu," anatero amayiwo mwamanyazi, "koma wandisiya pamene ng'ombe yatera padenga. Tabwerera unditenge."