Joni Ali Pafupi Kuposa Lilongwe

Mwanahalima ankasenda chinangwa pakhonde, msana ukuwawa, pamene mwana wake Bushra anatulukira akuthamanga, foni m'manja, mpango utagwera paphewa.

"Amayi! A Zaidi atumiza tikiti! Ya ndege!"

Zaidi, mwamuna wa Bushra, ankasoka zovala ku Joni, ndipo chinali chaka chachitatu akuitana mkazi wake. Chaka chachitatunso Mwanahalima akukana.

"Ndinanena kale, supita," anatero osatukula mutu. "Malume ako a Adamu ali ku Joni komweko, agogo ako atamwalira anakwera basi, masiku awiri panjira, n'kudzapeza tatsuka kale mbale. Ife Asilamu sitigoneka maliro. Mwana wamkazi ndili naye ndiwe wekha. Ndikafa adzandisambitse ndani?"

"Koma taonani apa, amayi. Lilongwe mpaka Joni, maola awiri ndi theka."

"Masiku awiri ndi theka."

"Maola! Makilomita pafupifupi 1,500, koma maola awiri ndi theka basi."

Mpeni unaima. Mwezi wathawu Mwanahalima anapita ku Lilongwe pa minibasi. Ananyamuka pa Liwaladzi nkhuku zikutsika, n'kukafika dzuwa lili paliwombo, atataya ola lathunthu pa Benga kudikira munthu wa mbuzi.

"Malita!" anakuwira mnzake wa kuseri kwa mpanda. "Tabwerani mudzamve! Joni wasamuka! Ali pafupi kuposa Lilongwe!"

Malita anabwera manja ali thovu lokhalokha. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira nsanamira.

"Musaseke, tiyese kaye," anatero Mwanahalima. Anakankha dengu, n'kugona chagada pamphasa, manja pachifuwa. "Ndafa. Ndi faifi koloko m'mawa. Malita, imbani foni."

"Ndikuimba, anzanga."

"Mukunama, mulibe mayunitsi inu, ndimakudziwani."

"Maliro salankhula!"

Bushra, misozi ya kuseka ili mbwee, anayamba kuwerenga ndi zala. Kuthamangira ku bwalo la ndege. Kudikira. M'mwamba maola awiri ndi theka. Kenako minibasi yodzera ku Salima, maola asanu.

"Ndiye wafika nthawi yanji?" anafunsa malirowo, diso limodzi lili chitsegulire.

"Dzuwa lisanalowe, Inshallah."

"Minibasiyo ndiye yondipha kawiri. Udzatenge galimoto ya hayala. Zaidi adzalipira, ndi apongozi ake afawo."

"Komatu amayi," anatero Bushra, chifukwa sanafune kuwanamiza, "ndege sili ngati minibasi. Ikapita yapita. Mukadzafa masana, ndidzafika mawa lake."

Mwanahalima anayang'ana malata. Malita naye analeka kuseka.

"Masana ndimakhala ndi ntchito ine," anatero Mwanahalima kenako. "Ndidzafa m'mamawa. Ndinazolowera kulawira."

Anadzuka, n'kusasa fumbi pachitenje.

"Pita kwa mwamuna wako. Koma foni izigona pafupi ndi khutu."

Bushra anakuwa, n'kuwagwera pakhosi. Malita analulutira mpaka nkhuku kubalalika, ndipo Mwanahalima mwiniwake, mayi amene sanavine ngakhale paukwati wa mwana wake, anatambasula manja ngati mapiko, n'kuzungulira bwalo lonse akulira ngati injini.

Atafika pa dengu anaima, akupuma wefuwefu. Chinangwa chinali chikadali mulu. Anakhala pansi, n'kutola mpeni.

"Iwe wa ku Joni, katenge mpeni wina. Sunanyamuke."