Kumanja Pamwamba

Tokiko anathira madzi ozizira m'beseni, otentha n'kubwera pambuyo, monga achitira posambitsa maliro. M'makutu mwake munkalirabe mawu amene a Genzaburo, akulu awo a bambo ake, anali atangolavula.

"Ndati m'manda a banja lathu ameneyu salowamo. Ndibwereze?"

"Alamu," anatero a Shizu, mayi ake a Tokiko, "mng'ono wanu wagona apayu. Tsiku silinathe n'komwe."

"Mukamuponye m'nyanja, mlamu. Kumeneko ali ndi anthu zikwi ziwiri omudikira."

Tokiko anayang'ana thupi la bambo ake. Bambo akewo, a Morozumi Kaneharu, anali mkulu wa zombo zankhondo, ndipo kale akamadutsa mumzinda wa Kure ana asukulu ankawakupizira mbendera. Kenaka zombo zawo zinamira m'mawa umodzi. Iwo anavuulidwa amoyo, udindo n'kulandidwa, ndipo nkhondo itatha anabwera kudzalima mbatata paphiri, anthu akumawapatsa nkhongo panjira. Koma musawayese ankhanza a Genzaburo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Noboru, anali m'zombo zomwezo, ndipo bokosi loyera limene analandira linalibe fupa ngakhale limodzi, munali kapepala ka dzina basi. Tsono manda a banja ali m'manja mwa mwana woyamba. Iye akakana, ngakhale wansembe sasuntha mwala wotsekera mandawo.

"Bambo aakulu, chonde," Tokiko anagunditsa chipumi pamphasa. "Mafupa awo tipita nawo kuti?"

"Noboru ali kuti? Atate ako anapepesa kwa ndani? Zaka zinayi zonsezi akudya, akugona, akumeta ndevu ngati palibe chinachitika. Mkulu weniweni amamira ndi chombo chake!"

Chimene chinamuwawa kwambiri Tokiko n'chakuti naye anali ataganizapo zomwezo.

"Iwe, madzi akuzizira," anatero a Shizu. "Avule bambo ako."

Tokiko anamasula lamba, natsegula kimono, mkanjo wawo wapamwamba. Atafika pa chovala cham'kati anabweza manja ngati wagwira khala.

"Mayo! Amayi, taonani!"

Ngakhale kamwana kamadziwa kuti wamoyo amapinda chovala mbali yakumanzere ili pamwamba. Yakumanja pamwamba amaveka mtembo wokha, ndipo mwana akalakwitsa amalandira khofi. Koma apa chovala cham'kati cha a Kaneharu chinali chopindidwa kumanja pamwamba, chomangidwa bwinobwino.

A Genzaburo anasendera pafupi. "Mwamuveka za maliro musanamusambitse? Manyazi mulibe?"

"Sitinawakhudze, alamu. Anavala okha dzulo m'mawa."

"Ndiye anasokonezeka ndi matendawo."

"Zaka zinayi?" A Shizu anayankhula motsitsa mawu, maso ali pa amuna awo. "Chibwerereni kunyanja kuja, m'mawa uliwonse. Tsiku loyamba ndinayesa alakwitsa, ndinafuna kuwakonzera. Anandigwira dzanja, akuti, 'Leka, Shizu. Anyamata aja panalibe wowaveka.' Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Lero ndaphwanya lumbiro, akandikalipira ndikakawapeza."

Tokiko anakumbukira bambo ake akupalira mbatata padzuwa la chilimwe, thukuta lili kamukamu, osavula kimono ngati amuna ena. Iye ankayesa kuti n'kunyada kwa munthu amene anali bwana. Kalanga ine, ankadya mbale imodzi ndi munthu wodziveka maliro, osadziwa!

A Genzaburo anayang'ana pachifuwa pa mng'ono wawo nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa.

"Chitsiru iwe," anatero mawu akusasa. "Chitsiru chenicheni. Osandiuza bwanji?"

Anagwada. Ndi zala zawo zouma za msodzi anamasula kachingwe, napinda chovalacho kumanzere pamwamba, nachisalaza ndi chikhatho.

"Alamu, mwambo suja..."

"Ndikudziwa, mlamu. Mumusinthe mukamusambitsa. Ingondilolani ndimuone pang'ono ali wamoyo." Sanachotse dzanja pachifuwapo. "Tokiko, thamanga ukawauze ansembe kuti mawa asunthe mwala."